Masiku 254 a Barbaro: Kukhala Pambali pa Wodwala Mpaka Kumapeto



Sabata ino nkhani yathu ikutitengera kutali, ku dziko la America, ndipo mwininkhani wake si munthu ayi koma kavalo, nyama imene ena amaitchula kuti hatchi. Dzina lake adali Barbaro. Tikudziwa kuti ambiri mwa ife kavalo timangomuonera pa kanema, ndipo mipikisano ya liwiro la akavalo si masewera amene tidakula nawo. Komabe tikupemphani kuti mutilole tiifotokoze nkhaniyi mwachifatse, chifukwa m'kati mwake muli funso limene palibe mmodzi wa ife angalizembe: kodi timatani pamene munthu amene tinkamuchemerera wagwa, matenda ake atenga miyezi, ndipo sizikudziwika ngati adzadzukanso?

Barbaro adabadwa pa 29 Epulo 2003. Eni ake adali Bambo Roy Jackson ndi akazi awo, Mayi Gretchen Jackson, a m'chigawo cha Pennsylvania. Amene ankamuphunzitsa liwiro adali a Michael Matz, ndipo womukwera pa mipikisano ikuluikulu adali a Edgar Prado, mbadwa ya ku Peru. Pa 6 Meyi 2006, pa bwalo la Churchill Downs mumzinda wa Louisville, Barbaro adapikisana ndi akavalo ena 19 pa mpikisano wotchedwa Kentucky Derby, umene ndi wotchuka kuposa yonse m'dzikomo. Mtunda wake ndi wa makilomita 2, ndipo iye adaumaliza m'mphindi 2 ndi sekondi imodzi. Wachiwiri wake adamusiya kumbuyo pa mpata wokwana kutalika kwa akavalo 6 ndi theka, mpata umene udali usanaonekenso pa mpikisanowu chichokere 1946. Apa n'kuti atapambana mipikisano yonse 6 imene adalowapo chibadwire.

Ku America kuli mipikisano itatu ya akavalo a zaka zitatu, yochitika motsatizana m'masabata asanu: Kentucky Derby, Preakness Stakes ndi Belmont Stakes. Kupambana yonse itatu ndi ulemu wosowa wotchedwa Triple Crown, ndipo pofika 2006 padali patatha zaka 28 popanda kavalo woulandira, kuyambira pamene Affirmed adatero mu 1978. Anthu ambiri adakhulupirira kuti Barbaro ndiye adzathetse chilala chimenechi.

Choncho pa 20 Meyi, patangotha masabata awiri, anthu oposa 118,000 adasonkhana pa bwalo la Pimlico mumzinda wa Baltimore kudzaonerera Preakness, ndipo ena ankhaninkhani ankaonera pa kanema m'makomo mwawo. Mpikisano usanayambe, Barbaro adakankha chitseko cha poyambira n'kutuluka yekha. Adamubweza, dokotala wa ziweto adamuyang'ana, ndipo adaloledwa kulowanso. Belu litalira, akavalo onse adaliyatsa liwiro, koma asanapite patali mwendo wakumbuyo wa kumanja wa Barbaro udathyoka. A Prado adamva kuti china chake chalakwika, adamuimitsa msanga, adatsika, natsamiza phewa lawo pa kavaloyo kuti asagwe kufikira othandiza atafika. Mpikisano udapitirira ndipo adapambana ndi kavalo wina, Bernardini, koma maso a anthu ambiri adali pa uja adatsala m'mbuyo ataima ndi miyendo itatu.

Mafupa atatu adathyoka mozungulira mfundo ya m'munsi ya mwendowo, mfundoyo idaguluka, ndipo limodzi la mafupawo lidaphwanyika tizidutswa toposa 20. Mwina wina angafunse kuti, nanga kuthyoka mwendo ndi nkhani yoti n'kufa nayo? Kwa munthu ayi. Timamuika chikhakha, timamugoneka pa bedi, pambuyo pake timamupatsa ndodo. Koma kavalo sangagonekedwe kwa masabata. Thupi lake limalemera makilogalamu 500 kapena kuposerapo, ndipo akagona nthawi yaitali mapapo, matumbo ndi minofu yake zimaonongeka. Ayenera kuima, ndipo ayenera kuimira miyendo yonse inayi mofanana. Kuonjezera apo, kumunsi kwa mwendo wake kulibe mnofu wochindikala woteteza fupa, ndipo magazi ofikako ndi ochepa, motero bala la kumeneko limavuta kupola. N'chifukwa chake akavalo ambiri ovulala chotere amabayidwa jekeseni yowapha pomwepo pa bwalo, kuseri kwa chinsalu. Chimene chidapatsa Barbaro mpata n'chakuti fupa silidabowole khungu, ndiponso eni ake adali ndi mtima ndi chuma choti ayesere.

Madzulo omwewo adamutengera, apolisi akutsogolera njira, ku New Bolton Center, chipatala cha ziweto zikuluzikulu cha yunivesite ya Pennsylvania, kufupi ndi tauni ya Kennett Square. M'mawa mwake dokotala wamkulu wa maopaleshoni, a Dean Richardson, pamodzi ndi anzawo adagwira ntchito kwa maola oposa asanu. Adalumikiza mafupawo ndi chitsulo chachitali ndi misomali yamazinga 27, cholinga chili chakuti mfundo ziwiri za m'munsi ziumire pamodzi, zikhale ngati fupa limodzi. Za kuthamanga zidali zitatha basi. Chimene ankafuna n'chakuti adzathe kuyenda ndi kudya msipu popanda ululu. Ngakhale kumudzutsa ku mankhwala ogonetsa idali ntchito payokha, poti kavalo akamatsitsimuka amaphiriphitha, ndipo angathe kuthyolanso chimene changokonzedwa kumene. Adamuika m'chovala cha mphira choyandama, namutsitsira m'dziwe la madzi ofunda, kuti akamaponya miyendo aziponya m'madzi. Ntchito itatha, a Richardson sadanamize anthu. Adanena poyera kuti mwayi woti Barbaro akhale moyo udali theka, theka linalo lidali la imfa.

Apa m'pamene nkhani ya ochemerera idayambira. Tikadayembekezera kuti khamu la pa Pimlico libalalika n'kuyamba kusaka ngwazi ina, monga zimakhalira m'masewera ambiri: wovulala amaomberedwa m'manja potuluka m'bwalo, mawa lake waiwalika. Koma sizidatero. Pa mpanda wa chipatala chija padadzaza zikwangwani zolembedwa pamanja zomufunira kuchira. Makalata ndi makadi ankafika miyandamiyanda, ena olembedwa ndi ana a sukulu, ena ndi anthu amene nawonso adali pa bedi la matenda. Kunkabwera madengu a maapozi ndi makaloti ochuluka kotero kuti ankagawirako akavalo ena odwala m'chipatalamo. Ena adatumiza mamendulo a anthu oyera ndi madzi odalitsidwa. Ambiri mwa anthuwa adali asanapiteko ku mpikisano wa akavalo chibadwire, ndipo sadaloledwe n'komwe kumuona Barbaro ndi maso, popeza adali m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Ankadziwa bwino lomwe kuti kavalo sawerenga kalata, koma ankalembabe.

Tsiku ndi tsiku anthuwa ankadikira uthenga umodzi. Mkulu wina wochokera ku England, a Alex Brown, ankagwira ntchito yokwera akavalo powaphunzitsa ku Fair Hill m'chigawo cha Maryland, kumene Barbaro ankakhala asanavulale. Iwowa ankafunsa kwa a Matz ndi kwa madokotala m'mamawa, kenaka n'kulemba pa intaneti zimene amva. Masiku ambiri uthengawo udali waufupi ndi wofanana ndi wa dzulo: wagonanso bwino usiku wathawu. Ife amene tidazolowera kuima pakhomo pa mnansi m'mawa n'kufunsa kuti, "Odwala agona bwanji?" tikudziwa kulemera kwa yankho lotere. Silinena kuti wachira. Limangonena kuti kwacha ali moyo, ndipo kwa odwazika zimenezo n'zokwanira kuti apirire tsiku linanso. Anthu amene ankadikira uthengawu adayamba kudziwana, nadzitcha dzina loti Fans of Barbaro, ndiye kuti okonda Barbaro. Ankagwirizana nthawi yoti onse, aliyense kumene ali, akhale chete kumukumbukira ndi kumupempherera.

Kodi chidawakoka n'chiyani anthu amenewa? Tikaganizira, sichidali chikho cha Kentucky Derby, poti akavalo opambana chikhocho amapezeka chaka chilichonse ndipo ambiri amaiwalika. Chimene chidawagwira mtima n'chakuti adaona ndi maso awo mphamvu ikusanduka kufooka m'kamphindi, pamaso pa dziko lonse. Aliyense wa ife ali ndi mbale amene dzulo ankalima munda wonse yekha, lero akulephera kunyamula kapu ya madzi. Pa kavalo uja anthu adaona abale awo, ndipo ena adadziona okha. Nyamayo sinkadandaula, sinkafunsa kuti bwanji zagwera ine. Inkangodzuka m'mawa n'kufuna chakudya chake.

Masabata 6 oyambirira zinthu zinkaoneka zolimbikitsa. Koma kumayambiriro kwa Julayi mwendo wovulala uja udalowa tizilombo, ndipo madokotala adachita kuchotsa chitsulo chija ndi misomali yambiri n'kuika zatsopano. Paja mvula ikakuona litsiro sikata. Patangopita masiku ochepa kudabuka chimene ankachiopa kuyambira tsiku loyamba: nthenda yotchedwa laminitis, osati pa mwendo wothyoka, koma pa mwendo wakumbuyo wa kumanzere, umene udali wabwinobwino.

Kuti timvetse, tiyeni tiyang'ane m'kati mwa chiboda. Kavalo amaima pa chala chimodzi pa mwendo uliwonse, ndipo chiboda ndicho chikhadabo cha chalacho. Pakati pa chigoba cholimba chakunja ndi fupa la m'kati pali timinofu tambirimbiri topyapyala, tolowerana ngati mano a zipeso ziwiri, timene timagwira fupalo kuti lisatsike. Magazi amayenda bwino m'timinofuti pamene kavalo akusinthanitsa miyendo, uku akuponda uku akunyamula. Koma mwendo umodzi ukamapweteka, kavalo amatsamira pa unzake usana ndi usiku. Magazi amachepa, timinofu tija timafooka, ndipo fupa limayamba kulekana ndi chigoba. Tiyerekeze chikhadabo chikusupuka pa chala, chikhalirecho chala chomwecho ndicho chikusenza thupi lathu lonse. Nthenda imeneyi ndi imene idatenga Secretariat, ngwazi ya Triple Crown ya 1973, m'chaka cha 1989. Pa Barbaro idakula kwambiri moti madokotala adachotsa magawo 80 mwa 100 a chigoba cha chibodacho, chinthu chimene chimatenga pafupifupi chaka kuti chimerenso chonse.

A Richardson adauza atolankhani mosabisa kuti tsopano chiyembekezo chidali chochepa kwambiri. Iwo pamodzi ndi banja la a Jackson adagwirizana muyeso umodzi: malinga ngati kavaloyo akudya, maso ake ali owala ndipo ululu ukutheka kuuchepetsa, apitiriza, tsiku limene zimenezi zidzasowe, adzamulola apite. Adayamba kumuika m'malamba olendewera kudenga kwa maola angapo pa tsiku kuti miyendo ipumuleko, ndipo Barbaro, nyama yamphamvu imene idazolowera liwiro, adaphunzira kukhala m'malambamo modekha.

Tiime kaye pamenepa, chifukwa tikuona kuti pagona phunziro limene ambiri timaliphonya. Mwendo wothyoka uja, umene chithunzi chake chidatuluka m'manyuzipepala ndi misomali yake yonse, mafupa ake adadzalumikizana ndithu. Umene udayamba kugonja ndi uja wopanda bala, wosenza katundu wa awiri mwakachetechete. Kodi si mmene zimakhalira m'nyumba ya matenda? Tikapita kukazonda, maso athu onse amakhala pa iye amene wagona pamphasa. Kawirikawiri sitifunsa za mayi, mlongo kapena mwana amene wakhala akumutembenuza, kumusambitsa, kumuphikira phala ndi kugona pa simenti pambali pa bedi la m'chipatala kwa miyezi itatu. Iyeyo alibe bala looneka, choncho timati ali bwino. Koma wasiya geni yake, mwina wasiya sukulu, sagona tulo tokwanira, amadya zotsala, ndipo tsiku lina timadzadabwa kumva kuti wodwazika ndiye wagwa. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Nawo mwendo umodzi sungasenze kavalo.

Zikuoneka kuti ena mwa okonda Barbaro adazizindikira zimenezi. Miyezi itayamba kuchuluka, atolankhani ambiri atapakira makamera awo n'kupita ku nkhani zina, mphatso zofika ku New Bolton sizidali za kavalo yekha ayi. Anthu ankasonkherana ndalama n'kutumiza chakudya ndi zotsekemera kwa anamwino, madokotala ndi ena onse ogwira ntchito amene ankachezera usiku m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Adaona kuti njira yeniyeni yothandizira wodwala amene sangathe kumufikira ndiyo kulimbikitsa manja amene akumugwira. Nawo Mayi Jackson, amene famu yawo idali pafupi ndi chipatalacho, ankabwera pafupipafupi ndi udzu wauwisi wozula okha ndi manja. A Prado, ngakhale adali ndi mipikisano yambiri kwina, ankapeza mpata wobwera kudzamuona. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chikadalumikiza fupa. Zidali ntchito zazing'ono, zobwerezabwereza, zopanda woombera m'manja.

Mu Ogasiti Barbaro adayamba kutulutsidwa panja kukadya msipu kwa mphindi zingapo. Pa 6 Novembala chikhakha cha mwendo wothyoka chidachotsedwa. Pofika Disembala kudayamba kumveka zoti mwina atuluka m'chipatala n'kupita kumalo kumene angamayende momasuka. Anthu adasangalala, koma dokotala wake sadaleke kuchenjeza kuti chiboda cha kumanzere chikadali chodetsa nkhawa. Aliyense amene adadwazikapo matenda aakulu akuudziwa moyo umenewu: lero wodwala wapempha nsima ndipo nyumba yonse yaseka, mawa wakana ndi madzi omwe. Chiyembekezo chimakwera ndi kutsika ngati madzi a mumtsinje nthawi ya dzinja, ndipo mtima umatopa kuposa thupi.

Sitingabise kuti padali ena amene nkhani yonseyi inkawanyansa, ndipo madandaulo awo ndi oyenera kuwamvetsera. Ena ankati eni ake akungofuna kupulumutsa chuma, poti kavalo wopambana Kentucky Derby akakhala wobereketsa amalowetsa madola mamiliyoni ambiri. Banja la a Jackson lidakana zimenezi, ndipo padalibe chitsimikizo choti miyendo yolumala chotero ikadadzamulola kugwira ntchito imeneyo. Ena ankafunsa funso lolemera kuposa apo: m'chaka chimene anthu ankafa tsiku ndi tsiku pa nkhondo ya ku Iraq, ndipo ambiri a ku New Orleans adali asanabwerere m'nyumba zawo chichitikire namondwe wa Katrina mu 2005, zingatheke bwanji kuti misozi yochuluka chotere ikhetsedwere nyama? Enanso ankakumbutsa kuti akavalo mazanamazana ankafa m'mabwalo a mipikisano a ku America chaka chilichonse popanda wowatumizira khadi ngakhale limodzi, chifukwa sadapambanepo chikho chotchuka.

Popeza ena mwa okonda Barbaro adabweretsa mapemphero ndi madzi odalitsidwa m'nkhaniyi, n'koyenera kuti tikumbuke mwachidule zimene Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amaphunzitsa m'ndime 2416 mpaka 2418. Mbali imodzi, nyama ndi zolengedwa za Mulungu, tiyenera kuzichitira chifundo monga ankachitira Francis Woyera wa ku Assisi, ndipo kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumachotsa ulemu wa munthu. Mbali inayo, si bwino kuthera pa nyama chuma chimene chikadayenera kuyamba chathandiza anthu ovutika, kapena kuzipatsa chikondi choyenera munthu yekha. Mbali ziwirizi sizilimbana. Ife tikuona kuti vuto silili pakuti anthu adamvera chisoni kavalo. Funso n'lakuti kodi chisonicho chidathera pomwepo, kapena chidatsegula maso awo kuti aone ena ovutika amene alibe dzina lotchuka? Chifundo si ufa woti ukapatsako nyama ndiye kuti wa ana watha. Koma ndalama ndi nthawi zimatha, choncho pogawa pamafunika nzeru.

Mu Januwale 2007 zinthu zidatembenuka. Madokotala adachotsanso mbali ina ya chiboda cha kumanzere, ndipo popeza tsopano kulemera kudasamukira ku mwendo uja udathyoka, chiboda chake chidachita chithupsa chakuya cha mafinya. Pa 27 Januwale adayesa njira yomaliza: adabowola fupa n'kulowetsamo zitsulo ziwiri zolumikizidwa ku chimango chakunja, kuti chibodacho chisamaponde pansi. Koma laminitis idagwiranso miyendo yonse iwiri yakutsogolo, ndipo padalibenso mwendo woti atsamirepo. Usiku wa pa 28 Januwale adauchezera wopanda mtendere. M'mawa wa pa 29 Januwale, eni ake ndi dokotala wake ali pomwepo, adabayidwa jekeseni yomaliza, patatha masiku 254 chivulalire. Polankhula ndi atolankhani tsikulo, a Richardson mawu ankawatsamwa pakhosi, ndipo Mayi Jackson adanena kuti chisoni ndiwo mtengo umene tonse timalipira chifukwa cha chikondi. Tinene pano momveka kuti chisankho chotere n'chololedwa pa nyama imene ili m'manja mwathu. Pa moyo wa munthu wodwala tilibe ulamuliro umenewo. Chimene tikutolapo pa nkhaniyi ndi kukhulupirika kwa odwazika, osati mathero ake.

Kodi ndiye kuti zonse zidapita m'madzi? Tikayesa ndi muyeso wa pa bwalo la mpikisano, inde, poti kumeneko kumangowerengedwa wopambana ndi wolephera. Koma kudwazika kuli ndi muyeso wina. Amene adasamalirapo kholo kwa chaka chathunthu, kenaka n'kuliika m'manda, sanena kuti phala lonse lija lidaonongeka. Tsiku lililonse limene wodwala adagona atasamba, atadya, wina ali pambali pake, lidali laphindu palokha, ngakhale kuti silidamufikitse pa kuchira. Barbaro adakhala miyezi 8 imene masiku ake ambiri adadya bwino, nthawi zina adaothera dzuwa, nasamalidwa ndi anthu omukonda. Tikamayesa chisamaliro ndi kuchira kokha, tidzayamba kuthawa odwala onse amene madokotala anena kuti sadzachira, chikhalirecho iwowo ndiwo amatifuna koposa.

Ndipo chikondi cha anthu aja sichidathere pa tsiku la imfa ya kavaloyo. Thumba la Barbaro Fund, limene lidakhazikitsidwa iye akadali moyo, lidasonkhanitsa madola oposa 1.2 miliyoni, osati olipirira chithandizo chake, chimene eni ake ankalipira okha, koma othandizira chipatalacho posamalira ziweto zonse zobwera kumeneko. Mu Febuluwale 2007 banja la a Jackson lidapereka madola 3 miliyoni ku yunivesite ya Pennsylvania kuti pakhale udindo wa kafukufuku wa matenda a akavalo m'dzina la a Richardson. Nawo a Fans of Barbaro adatembenukira kwa akavalo osadziwika: okalamba, olumala ndi olephera mipikisano, amene ankagulitsidwa pa misika ya ziweto kuti akaphedwe. Ankasonkherana pang'onopang'ono, aliyense monga mwa thumba lake, kuwaombola mmodzimmodzi ndi kuwapezera powasunga, mpaka chiwerengero chidafika m'masauzande. Adalimbikiranso kulembera aphungu a nyumba ya malamulo za nkhaniyi. Malo atatu omaliza ophera akavalo m'dziko la America adatsekedwa mu 2007, ngakhale kuti akavalo ena adapitirira kutumizidwa ku Mexico ndi ku Canada.

Nawo oyendetsa masewerawa adakakamizika kudziyang'ana. Mu 2008, chaka chimene kavalo wamkazi Eight Belles adathyoka miyendo yonse iwiri yakutsogolo atangomaliza Kentucky Derby ali wachiwiri, bungwe la Jockey Club lidakhazikitsa kaundula wa akavalo ovulala m'mabwalo. Mu 2009 kaundulayo adaonetsa kuti pa maulendo 1,000 alionse amene akavalo adalowa mumpikisano, awiri ankafa. Mu 2023 chiwerengerocho chidali chitatsika kufika pa 1.32. Sitinganene kuti zonsezi zidachitika chifukwa cha Barbaro yekha, ndipo laminitis ikadali nthenda yopanda mankhwala otsimikizika. Koma anthu amene adaphunzira kudikira pa mpanda wa chipatala adaphunziranso kufunsa mafunso amene ambiri kale sankawafunsa. Phulusa la Barbaro lidaikidwa ku Churchill Downs, pansi pa chifaniziro chake cha mkuwa chimene chidavundukulidwa pa 26 Epulo 2009. Adachiika kunja kwa chipata, kuti aliyense athe kufikapo popanda kulipira.

Tsopano tidziyang'ane tokha, abale. Tonse timadziwa mmene zimakhalira munthu akangodwala kumene. Sabata yoyamba pakhomo pamadzaza nsapato, anthu amabwera ndi nthochi, buledi ndi zakumwa, mafoni amalira osalekeza. Sabata yachitatu obwera amachepa. Mwezi wachitatu ukamakwana, amene adachita ngozi ya pamsewu, amene adafa ziwalo, amene akulimbana ndi khansa kapena nthenda ya maganizo amatsala ndi munthu mmodzi kapena awiri, ndipo ife timadzakumbuka tikamva uthenga wa maliro. Pamenepo timabwera mwaunyinji, timagona pa siwa, timasonkha ufa ndi nkhuni. Maliro timadziwa kuwalemekeza, ndipo chimenecho n'chinthu chabwino. Koma pakati pa sabata yoyamba ndi tsiku la maliro pali chigwa chachitali chimene ambiri sitipondamo. Sikuti ndife ouma mtima. Kawirikawiri timachita manyazi poti tilibe choti tinyamule, kapena timasowa chonena pamene mawu akuti "muchira" ayamba kumveka ngati bodza.

Koma anthu aja a ku mpanda wa New Bolton nawonso adalibe chonena chanzeru, ndipo wodwala wawo sankamva chilankhulo chawo. Chimene adali nacho ndi kubweranso mawa. Ngati anthu adatha kuchitira zimenezi nyama imene sadaikhudzepo, ife tingalephere bwanji kuchitira mnzathu wa m'kwaya, wa m'timu ya mpira kapena wa m'kalasi, amene dzina lake tikulidziwa ndipo kwawo n'koyenda pansi? Achinyamata tili ndi chuma chimodzi chimene akuluakulu ambiri chidawathera, ndicho mphamvu ndi miyendo. Tingathe kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kuchapa zofunda, kukatenga mankhwala, kapena kungokhala ndi wodwala masana amodzi kuti womudwazika akagoneko tulo kapena akaone kumunda.

Choncho sabata ino tisafunefune matenda atsopano oti tikazonde. Tiyeni aliyense akumbukire munthu mmodzi amene adadwala kalekale, amene tidamuzonda kamodzi n'kuganiza kuti takwaniritsa. Tipiteko, ngakhale chimanjamanja. Tikafika tifunse mmene wodwala wagonera, kenaka titembenukire kwa amene akumusamalira, timufunsenso mmene iye wagonera, ndipo tidikire yankho lake. Tisanatsanzike, tinene tsiku limene tidzabwerenso, ndipo tsikulo likakwana tidzabweredi.